Dzina la Marjana Pamsewu

Chikwangwani cha a Sabz Ali chinali chaching'ono pa zonse za pamsewu wathu wa ku Landai Kanda. Za masitolo a mfuti n'zazitali ngati nyumba, zojambulidwa mfuti zopingasa ndi mikango yoyasamula. Chawocho linali lata limodzi lobiriwira pa mapaipi awiri, pafupi ndi pokwerera basi, ndipo panalembedwa kuti: "Marjana anafa ndi chipolopolo cha paukwati. Musamawombere m'mwamba."

Marjana anali mkazi wawo. Ine ndi a Sabz Ali tinagundana malire a munda, timathirira ndi ngalande imodzi, ndipo tsiku la ngoziyo tinali limodzi kumweta tirigu. Mayiwo anali pabwalo la nyumba akupeta mphodza. Kutsidya kwa mudzi kunali ukwati, anyamata akuwombera m'mwamba monga timachitira tikakondwa. Koma chipolopolo sichimanga nyumba kumwambako. Chinatsika n'kuwalowa pakati pa khosi ndi phewa, ndipo pofika kuchipatala anali atatisiya kale. Mwini mfuti sanadziwike. Zinalira mfuti zambiri tsikulo, ndipo aliyense analumbira kuti yake inaloza kuphiri.

Maliro atazizira, a Sabz Ali anapita kwa Janas, wojambula malole. Janas anawafunsa burashi ili m'manja, akuwaitana Kaka monga timaitanira achikulire kwathu.

"Ndilembe kuti akunyumba kwa a Sabz Ali, eti Kaka?"

"Lemba dzina."

"Kapena mayi a Wali? Zikumveka bwinotu zimenezo."

"Ndati dzina, mwana wanga. Ngati dzanja likunjenjemera, ndipatse burashiyo."

Kwathu dzina la mkazi silituluka pachipata. Ine amene ndadya buledi wa manja a mayiwo kuyambira ndevu zanga zili zakuda, dzina lawo ndinaliona koyamba pa latalo. Tsono chikwangwani chitangoima, amuna anayamba kudutsa pokwerera basi nkhope atalozetsa kumapiri, ngati apeza munthu akusamba. Amene chinawabaya kwambiri ndi Haji Rokhan, mlongo wa malemuwo, mwini sitolo yaikulu ya mfuti mumsika, amenenso ndi khansala. Pamaliro anali wolimba, akupereka moni kwa alendo ndi kuyang'anira mpunga. Ataona dzina pamsewu ndi pamene anadwala mutu mpaka kukagona.

Mwezi wotsatira khonsolo inaitanitsa msonkhano wa nkhani ziwiri, ya malonda a mfuti ndi ya malamulo a zikwangwani. A Sabz Ali anandipeza ndikutsekula madzi.

"Achimwene, akuti mawa akakamba za lata langa. Tiyeni mukandikhalire pambali. Makutu anga masiku ano amamva theka."

Tinakhala pabenchi la anthu wamba, kumbuyo. Wapampando, Malik Tilawat, anafika mochedwa n'kuyamba ndi kufunsa ngati tiyi wapsa. Pa mipando iwiri ya makhansala achizimayi panakhala amuna awo, monga mwa masiku onse, mmodzi atavula nsapato n'kupinda mwendo pampando wa mkazi wake.

Nkhani ya mfuti anaibweretsa ndi khansala wina, aphunzitsi Inayat, amene anapuma ntchito, munthu woonda wa mawu aang'ono. Sanapemphe zambiri. Anati masitolo asamagulitse zipolopolo kwa ana, ndiponso kwa munthu wopanda chiphaso cha mfuti. Sanamalize n'komwe.

"Aphunzitsi," anatero khansala wina wonenepa wa kumsika wa ng'ombe, "si inu munathawira pansi pa tebulo tsiku lija tayala la thirakitala linaphulika?"

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiponso," anawonjezera wonenepa uja, "chaka chatha njati inaponda munthu kumtsinje. Bwanji tiyambe ndi ziphaso za njati?"

Wopinda mwendo uja anakweza dzanja. "A Malik, akunyumba kwanga akuti mfuti zisakhudzidwe."

"Mwawafunsa liti?" anafunsa aphunzitsi.

"Ndikawafunsa madzulo."

Anasekanso, wapampando yemwe akupukuta misozi ndi ngodya ya nsalu yake. Kenaka anaimirira Haji Rokhan, mikanda ya pemphero ikuyenda m'zala. Anayankhula mofatsa ngati ali mumzikiti. Anati mfuti ndi chovala cha mwamuna, anati msika uwu umadyetsa mabanja, anati tsiku la munthu linalembedwa iye asanabadwe, ndipo wolimbana ndi zolembedwazo akulimbana ndi Mwini wake. A Sabz Ali anandigwira bondo.

"Akuti chiyani alamu?"

"Akuti zinalembedwa."

"Oo."

Anagwirizana kuti nkhani ya mfuti ndi yozama, ipite ku komiti ikaiunike bwino. Anasankha Haji Rokhan kukhala wotsogolera komitiyo, poti ndiye amadziwa za mfuti kuposa onse. Ndinayang'ana nkhope zawo kuti mwina wina achita manyazi. Palibe. Anapatsa fisi ntchito yowerenga mbuzi, kenaka n'kuitanitsa tiyi wachiwiri.

Itafika nkhani ya zikwangwani, amene ankawodzera anadzuka. Mlembi anawerenga lamulo latsopano: m'mbali mwa msewu muziima zikwangwani za boma, za mizikiti, ndi za masitolo okhala ndi chiphaso basi, zina zonse zizulidwe. Ine msewu umenewu ndimaudziwa ngati mzere wa m'munda mwanga. Chikwangwani chimene sichinali cha boma, cha mzikiti kapena cha sitolo chinali chimodzi chokha.

Ndiye kunabwera chikondi cha pa miyoyo ya anthu chimene sitinachione m'mawa wonse. Wa njati uja anati zikwangwani zimasokoneza madalaivala, tsiku lina basi idzagwera m'ngalande ana ali momwemo. Wina anati mphepo ikhoza kuzula lata n'kudula mwana khosi. Wina anati alendo ochokera kumzinda wa Peshawar akaona zinthu zotere amatiyesa anthu osaleredwa. Onsewo ankazungulira ngati galu pa mphika wotentha. "Cholembedwa chija." "Mawu ali pokwerera basi aja." Amuna a ndevu zofika pachifuwa, oti mfuti amaiphwasula ndi kuimanga atatsinzina, koma dzina la nkhalamba yakufa linawakanika kukhosi ngati munga wa nsomba.

Haji ndiye anaphulitsa chithupsa. Mikanda anaiika patebulo.

"Abale anga, ine sindibisa. Mlongo wanga anakhala moyo wake wonse wophimbika. Palibe mwamuna wachilendo anaona nkhope yake. Lero kondakitala aliyense, wogulitsa nthochi aliyense, akutafuna dzina lake pamodzi ndi fodya. Wamuvula mlongo wanga pamsewu munthu ameneyu."

A Sabz Ali anamva zimenezo popanda ine kuwabwerezera. Anaimirira pang'onopang'ono, atagwira phewa langa.

"A Malik, ndiyankhule?"

"Mwachidule, Kaka. Nthawi ya pemphero la swala yayandikira."

"Alamu, inu mukuti ndamuvula. Amene anamuboola khosi simunamutchule m'mawa wonse."

"Amene uja sadziwika," anatero Haji.

"Eya, sadziwika. Wakupha alibe dzina, wakufa alibe dzina. Ndiye kunachitika chiyani m'mudzi muno? Palibe. Apolisi anati mkazi mmodzi. Mumzikiti anati mayi wina. Nkhuku ikagundidwa pamsewu timafunsa kuti ndi ya yani." Anapuma, akufunafuna mpweya. "Inenso ndine wa konkuno. Kunyumba ndinkangoti iwe, kapena mayi a Wali. Ndikati ndikumbukire tsiku limene ndinamuitana ndi dzina, sindikulipeza. Anali Marjana. Ankawopa mabingu, ndipo ukwati uliwonse ankalowetsa adzukulu m'nyumba. Tsikulo analowetsa adzukulu, iye n'kubwerera kukatenga lichero."

Dzinalo litamveka m'chipindamo, makhansala anayang'ana nsapato zawo. Haji anatseka maso ngati wamenyedwa mbama.

Malik Tilawat ndi munthu wosafuna kudana ndi aliyense amene ali ndi voti. Anaika fodya kuseri kwa mlomo, n'kumwetulira.

"Kaka, tonse ndife ana anu. Chenjezo lanu ndi labwino, ngakhale boma limanena zomwezo. Tichite chonchi. Khonsolo ilitenga lata lanu ngati chikwangwani cha boma, likhale pomwepo. Koma liwu limodzi lija lipakidwe penti, palembedwe kuti mayi wina. Mukakana, lamulo ligwira ntchito. Mukaganize, anyamata athu abwera Loweruka."

Anakweza manja onse, kupatula aphunzitsi Inayat. Amuna a pamipando ya amayi aja anakweza awiriawiri, lina la iwo lina la akunyumba. Kenaka anatsika kukasamba m'manja kuti akapemphere.

Masiku otsatirawo Wali, mwana wamkulu wa a Sabz Ali, sanawapatse bambo ake mpata. Ndinkawamva kudzera pakhoma.

"Baba, kumsika sindikuyendako. Anyamata akandiona amangoti, wadutsa mwana wa uje, n'kutchula dzina la mayi anga ngati dzina la hatchi. Mawa ndidzabaya munthu, mudzakondwa?"

Inenso ndinawayankhula, tili kumunda tikupalira nzimbe. Ndinati chenjezo likakhala, mwina mnyamata mmodzi adzatsitsa mfuti, mwana wa wina n'kupulumuka. Kodi mayi a Wali sakanasankha zimenezo? Anapalira mpaka kumapeto kwa mzere, n'kubwerera.

"Achimwene, pakhoma la chipatala palembedwa kuti musawombere m'mwamba. Pakhoma la sukulu palembedwa. Munaonapo munthu ataima kuwerenga?"

"Ayi."

"Langali amalithawa. Munthu amathawa chimene wawerenga."

"Nanga Wali?"

"Wali ndi amene akundisowetsa tulo," anatero, n'kuweramiranso khasu.

Loweruka m'mawa tinapeza anthu atasonkhana kale pokwerera basi, aliyense akunamizira kudikira galimoto. Anyamata awiri a khonsolo anali ndi pikisi ndi chitsulo chokumbira. Janas anaima pambali ndi chitini cha penti yobiriwira, nkhope ili pansi. Wali sanabwere. Haji Rokhan anakhala m'galimoto yake, galasi atatsitsa theka.

"Alamu," anaitana, "tisachititsane manyazi. Penti ndagula ndine. Mukafuna ndikuikirani ndi magetsi pamwamba, liziwala ngati la sitolo yanga."

A Sabz Ali anayandikira galimotoyo, n'kuwerama.

"Haji, uli mwana mlongo wako ankakubereka kumsana popita kuchitsime. Unkamuitana chiyani?"

Haji anakweza galasi.

Janas anatsegula chitini, n'kuviika burashi. Penti inadontha pafumbi. Anayang'ana a Sabz Ali, akudikira. Nkhalambayo inayang'ana latalo nthawi yaitali, milomo ikuyenda ngati mwana wophunzira kuwerenga, mpaka ndinayamba kuganiza kuti avomera.

"Tseka chitini chako, mwana wanga," anatero. Ndipo kwa anyamata a khonsolo: "Zulani. Koma mukumbe bwino, musakande zilembo."

Anakumba mosamala kuposa mmene ndinkayembekezera. Mapaipi anatuluka ndi zibuma za simenti kumapazi. Wamkulu wa anyamatawo anati lamulo likuti chozulidwa chikasungidwe kuseri kwa ofesi.

"Lata ndi langa, mapaipi ndi anga," anatero a Sabz Ali. "Lamulo lanu lati lichoke pamsewu. Likuchoka."

Mnyamatayo anayang'ana kugalimoto ya Haji, koma galasi linali lotseka. Anatukula mapewa n'kutola pikisi yake.

Panali ngolo ya bulu pafupi, mwini wake anati atinyamulira. A Sabz Ali anakana. Anagwira paipi imodzi, ine ina. Njira ya kwathu ndi imodzi, yodutsa pakati pa msika, masitolo a mfuti uku ndi uku.

"Tilozetse pansi?" ndinafunsa.

"Mwatopa kale, achimwene? Imikani."

Tinayenda nalo choimika. Linali lolemera, ndipo ife ndife nkhalamba za mabondo olira, choncho tinkatula pafupipafupi. Tikatula, nyundo za m'sitolo ya pafupi zinkaleka kulira, ogula n'kuyamba kuyang'anitsitsa zipolopolo za m'manja mwawo ngati akusankha mbewu. Palibe anatipatsa moni, palibenso anatithamangitsa. Aphunzitsi Inayat anatuluka mwa ometa, sopo ali kutsaya limodzi, n'kugwira pakati.

Titatuluka mumsika tinapeza Wali atakhala pa kamlatho ka ngalande. Anaimirira, n'kuyang'ana bambo ake, thukuta likutsika m'ndevu zawo. Latalo sanaliyang'ane.

"Baba, siyani. Mugwa."

Anawalanda paipiyo n'kuiika paphewa pake, nkhope atalozetsa kuminda.

"Tikaliika kuti?" anafunsa.

"Pabwalo, pamene ankapetera," anatero a Sabz Ali. "Yenda pang'onopang'ono, anzako ndi achikulire."