Timabotolo ta Jailosi

Lennah anali atagwada pansi, mutu uli m'kabati ya malemu mchimwene wake, pamene foni inayambanso kunjenjemera pabedi. Sanaiyankhe. Ankadziwa kuti ndi kumudzi, ndipo ankadziwanso kuti moto wonsewu anauyatsa yekha.

Jailosi anagwa masana pamalo oimika magalimoto ku Jumeirah Lake Towers ku Dubai, akudikira bwana yemwe ankamuyendetsa pagalimoto. Madokotala anati ndi mtima. Thupi linali likadali kuchipatala kudikira mapepala a ndege, koma chipinda chake ku Al Nahda, chomwe ankakhala ndi mnzake Omari, chinkafunika kuchotsamo katundu. Kwathu katundu wa womwalira sagwidwa chisawawa akuluakulu asanamuone. Choncho Lennah, pofuna kulemekeza mwambo, anajambula vidiyo yotumiza ku Ntcheu: nsapato, masuti awiri, Baibulo, wailesi. Kenaka anatsegula kabati yapansi, kamera ili chijambulire, n'kutulutsa katoni yokutidwa ndi nsalu yakuda. Munali timabotolo tambirimbiri, tina tamadzi achikasu, tina tofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, kalikonse kali ndi ulusi m'khosi, kena wofiira, kena wakuda, kena woyera.

Munthu wa kumudzi umuonetse zoterozo, ndiye uyembekeze kuti anena kuti ndi perefyumu? Dzuwa lisanalowe aliyense anali atamva kuti Jailosi anali ndi nsupa ku Dubai, n'chifukwa chake nyumba yake ya malata inatha msanga. A Potiphar, amalume awo, omwenso ndi mkulu wa mpingo, anatumiza uthenga wamawu wosazungulira: nkhaniyi ikapanda kumveka bwino, mpingo sudzaimba pa malirowo. Amayi awo anasiya kudya. Imfa ya mwana anaipirira, koma zoti akaikidwe chete, opanda nyimbo ngakhale imodzi, zinawathyola mtima.

Lennah anapempha ofu kwa madamu omwe ankawagwirira ntchito ku Jumeirah n'kubwerera m'chipindamo yekha. Mantha anali nawo ndithu, koma iye kuyambira ali mwana sankatha kudutsa chinthu chovundikira osachivundukula. Anatsegula kabotolo kamodzi akupemphera chamumtima, n'kukafikitsa pamphuno. Mango. Anatsegula kena, ndimu wosakaniza ndi kanthu kozizira. Kachitatu kanamukhazika pansi: masuku enieni, aja opsa bwino ogwa okha m'thengo nthawi ya mvula zoyamba. Anakanunkhizanso, misozi n'kulengeza. Ndi ufiti wanji wonunkhira masuku?

Omari anamupeza ali choncho, timabotolo atatindandalika pabedi. Anali mnyamata wa ku Mangochi wogulitsa m'sitolo ya nsalu. Atamva za nsupa anaseka, kenaka anakumbukira kuti ndi pamaliro n'kupepesa.

"Chemwali, ameneyo ndi juwisi wa vepu. Kachipangizo kaja anyamata amafuka nako utsi pansipa."

Lennah anafuna kumva zonse, ndipo Omari anafotokoza. Jailosi anayamba osadziwa kalikonse, amangoonera mavidiyo pafoni. Pali madzi amitundu iwiri, ena okhuthala ngati uchi obweretsa utsi, ena opepuka onyamula kakomedwe, ndiye umasakaniza n'kudonthezeramo fungo lomwe ukufuna. Nikotini, chomwe chimakola anthu mu fodya, ankamugwira atavala magolovesi, mawindo ali chitsegulire, poti ndi poizoni akakhudza khungu. Zoyamba zake zinali zoipa, chipinda chinanunkha ngati sopo wa kubafa mlungu wathunthu. Akasakaniza ankatibisa mumdima kuti tikhwime, monga timavundikira nthochi, n'kumatikhutchumula m'mawa uliwonse asanapite kuntchito. Nsalu yakudayo inali yotchinga dzuwa basi. Koma masuku ndiwo anam'vutitsa. Fungo la masuku siligulitsidwa paliponse, azungu salidziwa. Analisaka miyezi, gwafa pang'ono, uchi pang'ono, karamelo, kudontheza pamsana pa dzanja, kununkhiza, kutaya, kuyambanso. Omari ankadzutsidwa kuti anunkhize mpaka mphuno kufa.

Mtima wa Lennah unatsika, koma osati nthawi yaitali. Kumpingo kwawo fodya nayenso ndi mlandu woimitsa munthu. Kumuchotsa Jailosi m'manja mwa afiti n'kumupereka kwa osuta, nyimbo zikanasowabe.

"Ndiye kuti ankasuta?"

"Wallahi, sanaikepo pakamwa. Ankati utsi umamupweteketsa mutu."

Anafunsa ngati ankagulitsa, Omari anakana. Atafunsa kuti nanga ankapangira ndani, Omari anayang'ana nsapato zake, nati nthawi ya swala kumzikiti yakwana, n'kutuluka.

Lennah anatsala ndi kabotolo ka masuku m'manja. Fungoli si koyamba kulimva ku Dubai. Analimva m'galimoto ya a Enos, mchimwene wawo wamkulu, tsiku lina akuchokera kumapemphero. Anafunsa komwe anagula mafuta onunkhiritsa galimoto otere, iwo nati ku Sharjah, n'kukweza wailesi. A Enos amenewa ndiwo ankatsogolera mapemphero a Amalawi Lamulungu lililonse, kumudzi anali dikoni, ndipo aliyense ankadziwa kuti akadzabwerera adzadzozedwa ukulu wa mpingo. Chiyambireni nkhani ya nsupa, munthu wolongolola uja ankangoti tiyeni tizipemphera.

A Enos anafika chakumadzulo, atatopa ndi mzere wa magalimoto wa kumalire a Dubai ndi Sharjah. Lennah sanawapatse moni wautali. Anangowaikira kabotoloko m'dzanja.

"Achimwene, mafuta a m'galimoto aja ndawapeza."

A Enos anakhala pampando. Anaulula motsitsa mawu kuti anayamba ndudu ali ku Joni, zaka zambiri zapitazo, ndipo ngakhale akazi awo sankadziwa. Jailosi anawapeza tsiku lina kuseri kwa nyumba akutsokomola ngati atulutsa mapapo. Sanawalalikire, sanauze munthu. Anangowagulira kavepu, iwo n'kukakana kuti majuwisi a m'sitolo amanunkha ngati maswiti a ana. Pamenepo ndi pomwe mng'ono wawoyo anawafunsa fungo lomwe amalisowa kwambiri la kwawo.

"Ndiye muwauze amalume."

"Lennah, ukudziwa chomwe ukunena? Udikoni utha lero lomwe. Ndidzayenda bwanji pamudzi paja? Tiwauze kuti ankagulitsa, khalas, nkhani ithere pomwepo."

Lennah anapsa mtima. Wogulitsa fodya ndi wosuta, kwa a Potiphar onse ndi amodzi, ndipo a Enos ankadziwa zimenezo kuposa iye. Asanayankhe, foni inalira. Inali ya vidiyo. Anaiimika pawindo kuti onse aoneke, Omari naye atangolowa n'kuima pakhomo.

A Potiphar anali pakhonde, atavala jekete la kumpingo. Pambali pawo panali amayi, duku lili m'maso, nkhope itatsika. Amalume anafunsa za mapepala mwachidule, kenaka anapita pa nkhani. Anati akuluakulu akumana mawa, ndipo akufuna mawu a Enos ngati wamkulu: tinthu timeneti n'tachiyani?

A Enos anayamba ndi kuthokoza Mulungu. Anathokoza mpingo, anathokoza amalume, anayamba kufotokoza za kutentha kwa ku Dubai. Lennah mawu anali atafika kale pakhosi. Chiganizo chimodzi chokha, Jailosi akanaimbiridwa. Koma mwiniwake anasunga chinsinsichi mpaka kufa nacho, ndiye iye ndani kuti achimwaze mtembo usanafike n'kwawo komwe? Analuma mlomo, misozi ikutsika, akudana ndi mchimwene wake wamoyo ndi mtima wonse.

Amayi ndi amene anadula mawu. Sanakweze mutu n'komwe.

"Enos, ingondiuza. Mwana wanga ndikamuike ngati Mkhristu kapena ayi?"

A Enos anapisa dzanja m'sokosi, natulutsa kachipangizo kakuda kotalika ngati chala. Anakatsegula, nathiramo madontho a m'kabotolo kaja mosaphonya, ngati munthu wozolowera. Anakoka kamodzi, n'kutulutsa utsi woyera womwe unaphimba foni yonse.

Utsi utabalalika, a Potiphar anali adakali kukamwa yasa.

"Nsupa zake ndi zimenezi, amalume. Wosuta ndine. Iye ankangofuna kuti ndisiye ndudu ndisanafe."

A Potiphar anakonza jekete, natsokomola, nati Jailosi aimbiridwa, makwaya onse adzabwera, koma za Enos akambirana akafika ndi maliro, ndipo asayembekeze kudzakhala kutsogolo. Amayi anabisa nkhope m'chitenje n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa maliro komwe anakusunga masiku onsewa. Foni inaduka.

Lennah anayamba kubwezera timabotolo m'katoni, koma funso limodzi linkamuyabwabe, ndipo iye sankatha kugona ndi funso. Anafunsa Omari kuti nanga ulusiwu ndi wachiyani.

Omari anati ulusiwo ndi iye ankabwera nawo kuchokera kusitolo. Wofiira ndi nikotini wambiri, wa masiku oyamba. Wakuda ndi wochepa. Jailosi ankatsitsa pang'onopang'ono osanena, poti ankadziwa kuti akanena akangana ndi a Enos.

"Nanga woyera?" anafunsa a Enos. "Chaka chino chonse wakhala akundipatsa woyera. Ankati ndiye wamphamvu kwambiri."

"Woyera mulibe kanthu, achimwene. Ndi masuku okhaokha."

A Enos anayang'ana kabotoloko nthawi yaitali. Anaseka pang'ono, kuseka kuja n'kusanduka china, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Anachoka pampando, nakhala pabedi la mng'ono wawo, kabotolo atakafumbata pachifuwa.

"Wandinamiza mwana ameneyu," anatero.