Bala la Sanena

Tsiku limenelo ndinatunga madzi kumjigo, ndinatsuka mbale, ndinachapa matewera a khanda langa Remmy, ndipo ndimati ndikapalire mtedza dzuwa lisanakule. Posesa kuseri kwa nkhokwe ndinapeza Sanena, galu wathu amene anasowa kuyambira Lachisanu, atagona, mwendo wakumbuyo utatupa, ntchentche zili pomwepo. Bala linazungulira mwendo wonse ngati chibangili. Kuno ku Malama aliyense amadziwa chimene chimacheka choncho: waya wa msampha. Mwini wayayo ndinkamudziwanso, chifukwa amagona m'nyumba mwanga.

Ndinathira madzi amchere pabalapo n'kumufunditsa thumba kuti Priscilla asaone. Mwana wangayu analowa gulu la askauti a ana kusukulu, ndipo ine mawu akuti skauti sindinawakonde chiyambire. Kwathu skauti ndi munthu wa gemu, wolondera nyama zakutchire, wamfuti, amene amavundukula miphika ya eni. Awa akuti ndi ena, a kansalu m'khosi. Koma Loweruka lililonse amapita kukhola la agalu osowa eni, kuseri kwa kampu ya gemu, kukaphunzira kusambitsa agalu ndi kuzula nkhupakupa. Wowaphunzitsa, a Tabeth, ndi mkazi wa skauti weniweni. Ana amafunsidwa kuti galu wanu amadya chiyani, amayenda ndi ndani. Inu mukuona ngati ndi mafunso a agalu amenewo?

Priscilla atabwera kusukulu, galu anamumva mawu n'kulira yekha. Mwana anavundukula thumba.

"Amayi, ameneyu apite kukhola lero. A Tabeth anati bala likayamba kununkha galu amafa."

"A Tabeth, a Tabeth! Anakubala ndi a Tabeth?"

Atate ake, a Jairos, anali kumata chubu cha njinga pakhonde. Sanatukule n'komwe mutu.

"Galu ameneyo asatuluke pano. Akangoona mwendowo, mawa galimoto ya gemu ili pakhomo. Akafa nditenga wina kwa aneba athu a Hosea."

Priscilla sanalire. Anangoyang'ana atate ake, kenako ine. Pamenepo ndinawerengera: Loweruka akamufunsa kuti Sanena ali bwanji, mwana ameneyu bodza salitha. Kuli bwino ndipite ndi pakamwa panga kusiyana n'kuti apite ndi pake.

A Jairos atatsikira kumtsinje, ndinakulunga galu m'chitenje, ndinamuika m'dengu pakaliyala ya njinga, Remmy kumsana, Priscilla akukankha kumbuyo. M'njira ndinakonza bodza langa, loti wakodwa mumpanda wa dimba.

"Mwaswera bwanji, amake Priscilla? Lero ndiye mwatiyendera," anatero a Tabeth titafika kukhola.

"Taswera. Galu wadwala."

Amuna awo a Tabeth, skauti uja, anali pansi pa mtengo, yunifolomu ali nayo m'thupi, akupukuta nsapato. Anayang'ana dengu, anayang'ana ine, n'kupitiriza kupukuta. A Tabeth anauza Priscilla kuti agwire mutu wa galu, azimulankhula. Anameta ubweya, anatsuka bala, anabaya jekiseni. Ine ndinali chilili, bodza lili m'kamwa, kudikira funso. Funso lija silinabwere. Anafunsa lina.

"Waya wake anatsala kutchire?"

"Ine ndidziwa bwanji? Galu sanena."

"Ee, dzina lakenso ndi lomwelo," anaseka. "Ndangofunsa chifukwa ana athu amatola nkhuni komweko, ndiponso opanda nsapato. Mwendo wa galu ndi wa Priscilla siusiyana kukula."

Anatipatsa mankhwala opaka, basi. Sanafunse dzina la munthu. Chifundo chimenecho chinandiopsa kuposa kukalipa. Ngakhale nsomba amayamba aipatsa nyambo.

Komabe mawu a mwendo aja anandikhala. M'mawa ndinawaimirira a Jairos pakhomo.

"Atate a Priscilla, tiyeni mukandionetse mawaya onse. Mukakana ndipita ndekha ndi mwana kumsana, ndikakodwe, mukafotokoze nokha kwa a gemu."

"Akulembani ntchito liti, a skauti?"

Anatukwana njira yonse, koma anandionetsa. Ndinawazula onse, ndinawawongola ndi mwala, ndinawalumikiza kuchokera pankhokwe mpaka pamtengo wa mango. A gemu akadzabwera adzapeza matewera atayanikidwa.

Zimene zinandithera ndi izi. Chitenje changa chopitira kutchalitchi chinathimbirira mafinya, sichinayerenso. Mtedza unakula ndi udzu. Nyama sitinaionenso, ndiwo ndi therere ndi nkhwani. Sanena ali moyo koma amayenda ndi miyendo itatu. A Jairos amanditchulabe kuti a skauti, ngakhale pamaso pa alendo. Galimoto siinabwere, koma ndikamva injini ndimasiya chimene ndagwira n'kumvetsera. Priscilla amapitabe kukhola Loweruka, ndipo akabwera, asanadye, amayamba wandiuza funso lililonse limene amufunsa.