Siginecha ya Bwana

Chisiyireni kampani kusaina papepala, bwana wamkulu sanamvane nayo kompyuta. Anangopatsa sekilitale wawo pasiwedi ya siginecha yawo n'kunena kuti, "Muzingondisainira, mayi." Malamulo amaletsa zimenezo, koma ndani angawerengere bwana malamulo?

Lachinayi lina bwana ali pa ulendo, makalata khumi ndi awiri ankadikira kusainidwa. Mayiyo anawasankha onse pamodzi monga mwa masiku onse, n'kudina. Powaunika pambuyo pake, anaona kuti walakwitsa. Imodzi inali yochotsa ntchito dalaivala wa kampani, mwamuna wa mng'ono wake. Kalata imeneyi bwana anali atanena kuti iyambe yadikira, amve kaye mbali ya dalaivalayo pa nkhani ya galimoto yomwe inagundidwa.

Mayiyo anathamangira kwa bambo woona za makompyuta, nsapato ikuvuka pamasitepe.

"Achimwene, chonde, ifafanizeni."

"Ikanakhala ya pepala tikanang'amba," anatero bamboyo. "Iyi ikangosainidwa imapita yokha. A ofesi ya antchito ailandira, alamu anunso yawafika pafoni."

"Ndiye palibe njira?"

"Ilipo imodzi. Mulembe fomu kuti bwana sanasaine, munasaina ndinu. Kalatayo ifera pomwepo. Koma wogwiritsa ntchito siginecha ya mwini mukudziwa zomwe amam'chita."

"Pasiwediyo anandipatsa okha."

"Adzavomera?"

Mayiyo anatulutsa foni yake. Anaimbira bwana katatu, foni yozimitsa. Komanso ankawadziwa bwino: munthu woti ngakhale ayetsemule pagulu amakana kuti si iwo. Pofuna kubisa za pasiwedi, adzangoti kalatayo ndi yawo, dalaivala azipita.

Foni yake inaitana. Anali mng'ono wake uja, woyembekezera wa miyezi isanu ndi itatu, mawu akuchita kudukaduka.

"Achemwali, awachotsa ntchito. Inu muli pafupi ndi bwana, katipepesereni."

"Ndamva," anayankha, n'kudula.

Anabwerera pa desiki yake ali ndi mantha osaneneka, poti ana ake awiri ankadyera ntchito yomweyi. Analemba zonse pafomu ija mmene zinayendera. Pamapeto pake fomuyo inafuna siginecha ya wolemba. Anakhala kanthawi akufunafuna pasiwedi yake m'mutu. Zaka zitatu akusaina tsiku ndi tsiku, dzina lake anali asanalisainepo ndi kamodzi komwe. Ataikumbukira, anadina.