Mapasa pa Mndandanda wa Adokotala

Kalaliki wa pachipatala cha maso anali mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo chimene chinkamudya mtima chinali mndandanda wa ana odikira opaleshoni ya ng'ala. Dokotala wa ntchitoyo ankabwera kamodzi pachaka, n'kuthandiza ana makumi atatu basi. Makolo, poopa kutsalira, ankalembetsa mwana mmodzi kawiri katatu: lero mayi, mawa azakhali, mkuja amalume. Tsiku la adokotala malo ena ankapezeka opanda mwini, pomwe ana ena anali atauzidwa kale kuti kwadzaza.

Choncho kalalikiyo anayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta Loweruka lililonse, pakati pa achinyamata amene ankamutcha Anti a Mafunso. Patatha miyezi inayi anabwera ndi kapulogalamu kake. Ukasiya dzina osalemba, kankakana. Ukaika chilembo m'nambala ya foni, kankakana. Ndipo dzina la bambo, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni zikafanana ndi za mwana wolembedwa kale, kankangodumpha, n'kulemba timawu pansi penipeni toti “alipo kale”. Dzina loyamba sanaliwerengere, poti achibale ankalitchula mosiyanasiyana.

Chaka chimenecho, tsiku la adokotala, ana onse makumi atatu anabwera. Panalibe malo opanda mwini. Kalaliki ankaitana mayina mtima uli m'malo, mpaka anafika bambo wina, telala, atanyamula atsikana awiri a zaka ziwiri, onse a timaso toyera pakati.

“Pano pali mmodzi, bambo,” anatero kalaliki.

“Ndi mapasa, mayi. Munalemba ndinu nomwe. Ndinakuuzani kuti ndi awiri.”

Kalaliki anakumbuka. Mzere unali wautali tsiku lolembetsalo. Analemba woyamba, analemba wachiwiri, anadina batani, n'kuitana wotsatira osayang'ana pansi.

Anathamangira kwa namwino wamkulu, amene anakapempha adokotala kuti athandizenso mwana winayo. Namwinoyo anabwerako akupukusa mutu. Zipangizo zinali zowerengera ana makumi atatu, ndipo adokotala ankanyamuka madzulo omwewo.

“Nanga chaka chamawa?”

“Ng'alayo adzachotsa. Koma diso la mwana likakhalitsa mumdima, silizolowera kuona. Sindingakulonjezeni kanthu.”

Kalaliki anabwerera pabenchi, nagwada patsogolo pa telala uja.

“Si kompyuta, bambo. Kompyuta inachita zimene ndinaiuza. Wolakwa ndine.”

Bamboyo sanakalipe. Anangofunsa dzina limene linali pamndandanda, n'kumupereka mwanayo kwa namwino. Winayo anamukhazika pamwendo, akumukonza kolala ya diresi.

“Amayi awo ndikawauza chiyani?” anafunsa, osayang'ana aliyense.

M'mawa mwake kalaliki anakonza pulogalamuyo. Tsopano zikafanana, inkaima, n'kuonetsa mayina onse awiri, n'kufunsa ngati ndi mwana yemweyo. Ntchito yake sinatenge ndi mphindi khumi zomwe, ndipo kuchepa kwakeko n'kumene kunamuliza. Kenaka anafuna kudziwa ngati panali ana ena amene anadumphidwa. Anatsegula apa, anatsegula apo, osapeza kanthu. Kapulogalamuko sikankasunga mayina okanidwa. Kaya anali mmodzi yekhayo, kaya asanu, panalibe womufunsa.

Loweruka sanapitenso kukalasi. Aphunzitsi ataimba foni n'kumva nkhaniyo, anati aliyense woyamba kumene amalakwitsa chimodzimodzi. Iye anathokoza, nadula.

Patatha sabata telala anabweretsa mwana wochitidwa opaleshoni uja kuti namwino adzamuone. Kamtsikanako kankaloza chilichonse, wotchi yapakhoma, nsapato zofiira za namwino, kakuseka. Mnzake anali atagwira buluku la bambo ake ndi manja onse awiri, mutu uli chopendekera kumene kunkachokera kusekako.

“Mwadzuka bwanji, mayi?” anatero telala mwaulemu. “Ndati ndilembetseretu uyu.”

Kalaliki anafunsa dzina, ngakhale ankalidziwa. Analakwitsa kawiri asanamalize kulemba.