Mzere Wachitatu pa Fomu

Ntchito yonse anagwira ndi Akudo, koma pamsonkhano mipando yakutsogolo anadzazapo ndi madoda a bungwe la kumudzi kwawo, mimba patsogolo, zipewa zofiira kumutu. Bungweli linkalipirira sukulu ana anzeru, ndipo chaka chimenecho linalamula kuti fomu yopemphera thandizo ikhale m'Chiigbo. Akudo, mphunzitsi wa kusekondale mumzinda wa Aba ku Naijiria, anaimasulira yonse. Pa mzere wachitatu anafunsa mwachidule kuti mwanayo ndi wa dziko liti: onye Naijiria, onye Ghana, basi.

Mazi Ogbonnaya, wapampando, anayamba waswa mtedza wa kola ndi pemphero lotalika ngati ulaliki wa pamaliro. Kenako anatalikitsa fomuyo ndi maso, poti magalasi anaiwala kunyumba.

"Mwana wanga, ichi n'chiyani? Naijiria ndi mudzi wa yani? Dzina limenelo anatipachika ndi mzungu. Ife timafunsa kuti bambo ako ndi a mudzi uti. Lemba zimenezo."

Madoda onse mitu gwedezu gwedezu. Ha, akatswiri a chiyankhulo! Theka la iwo adzukulu awo ali ku Houston, ngakhale moni wa Chiigbo sautha, koma fomu yotereyi ikanawalandira ndi manja awiri. Mwana wa Akudo, Olachi, anakhoza mayeso kuposa anzake onse, ndipo popanda thandizoli kuyunivesite sakanapondako. Bambo ake a Olachi, malemu, anali mmisiri womanga nyumba wochokera ku Togo.

"Bambo," anatero Akudo, "Olachi anabadwira konkuno. Mchombo wake tinakwirira pansi pa mgwalangwa wa agogo ake. Boma likudziwa kuti ndi wa ku Naijiria."

"Ndiye apite kuboma komweko," anatero wina kumbuyo, anzake n'kuseka, mano ali psuu ndi kola.

Mazi anakweza dzanja ngati wachifundo. "Usapse mtima. Wobadwa kwa mwana wathu wamkazi timamulemekeza. Akabwera kumudzi athyole lalanje lililonse, agwire nkhuku imene waifuna, palibe angamuletse. Koma mtengowo si wake."

Anamukankhira pepalalo. "Konza pompano, iwe uli ndi dzanja labwino."

Akudo anafufuta mzere wake n'kulemba wawo, mano atalumana. Mazi anawerenga motsatira ndi chala, nakhutira.

"Eya, tsopano chamveka Chiigbo. Ukasindikize makumi anayi, ukagawe m'masukulu. Olachi akuthandize kugawa, ndi mwana wochangamuka uja."