Msewu Wopanda Mtengo

Artur ankanyansidwa ndi anthu oyamikira chinthu chimene sakuchidziwa. Chithunzi cha msewu wa ku Tete, chimene anajambula ndi lapisi, kapena kuti pensulo, pamene ankaphunzira ukalipentala mumzindamo, anthu akwawo ku Chipera ankangochiponyera diso n'kufunsa ngati m'nyumbazo munali azungu. Ndiye tsiku limene Marcelino, sekeretario watsopano wa chipani amene anafika m'chaka cha 1981, anachiona pakhoma n'kuchiyang'anitsitsa nthawi yaitali, Artur anasiya ntchito n'kuyandikira.

Munthu uja maso anali nawo, tisamunamizire. Anatsata ndi chala mizere ya madenga, mmene inkayandikirana mpaka kukakumana kutali. Anaona kuti zitseko zapafupi zinadindidwa mwamphamvu, pamene zakumapeto lapisi anangozikhudza. Anayamikira ngakhale mthunzi wa khonde, umene Artur anachita kufikisa ndi chala chachikulu. Artur, bambo wa ana anayi, anasungunuka ngati mafuta a nkhumba padzuwa. Chithunzicho anapereka yekha, osapemphedwa.

Patatha masabata awiri kunabwera zingwe ndi zikhomo. Lamulo linali lakuti anthu onse achoke m'minda mwawo akamange mudzi umodzi wa mizere yowongoka, ndipo chitsanzo chake n'kukhala pepala lija, atalikhoma pachitseko cha ofesi. Wokoka chingwe anali mmisiri wathu yemweyo. Akamadutsa, azimayi ankalavula pansi, ndipo iye sankawaimba mlandu.

Tsiku lachinayi chingwe chinalunjika pa mitengo itatu ya mango imene malemu bambo ake anadzala. Chaka cha njala banja lonse linapulumukira mitengo imeneyi, kuphika mango osapsa m'mawa ndi madzulo. Artur anapita kukapempha kuti msewu ukhoteko pang'ono, mapazi asanu okha.

Marcelino sanakalipe. Anachotsa pepala pachitseko, nalitambasula mwaulemu.

"Kamarada Artur, taonani nokha. Kukongola kwa ntchito yanuyi n'koti diso limayenda mpaka kumapeto popanda chotchinga. Mukuonapo mtengo apa?"

Artur anayang'ana mizere yake yosalala ija. Msewu weniweniwo wa ku Tete unali ndi mitengo mbali zonse, ikuluikulu, ndipo masana ankadyera chinangwa pansi pake. Anaisiya chifukwa masamba ankamukanika. Akati ajambule, ankatuluka ngati ubweya wa nkhosa yonyowa, mpaka anafufuta yonse. Mawu ochepa chabe akanapulumutsa mango a bambo ake. Koma kuwanena pamaso pa munthu yekhayo amene anamutchapo katswiri kunamuchititsa manyazi. Anadzida yekha kuposa mmene ankadera sekeretarioyo.

"Palibe," anatero.

M'mawa mwake anthu anasonkhana kudzagwetsa mitengo ija, mango adakali ang'onoang'ono. Nkhwangwa za m'mudzimo zinali zobuntha, choncho anabwera nazo kwa kalipentala. Artur anakhala pansi n'kuzinola, imodzi imodzi.