Mabatani a Ampu ya Budimir

Chimbale chathu chachitatu tinakachijambulira ku Niš, mu situdiyo ya Svetozar, kuseri kwa malo otsukira magalimoto. Ine ndimaimba besi, Časlav ng'oma, ndipo gitala ndi ya Budimir, mwamuna wa mkulu wanga Vesna.

Budimir anabwera ndi zida zake za masiku onse: gitala yakuda yosupuka penti potsamira mkono, ndi chiampu chakale chokuzira mawu chomwe timanyamula anthu awiri kwinaku tikuchitukwana. Anachiyatsa, kudikira kuti chitenthe, n'kuyamba kupotokola mabatani. Atangokhwacha mawaya, ndinamva kuwawa mpaka m'mano. Gitala inalira mopyoza ngati msomali ukukanda galasi.

"Mwamva kukoma kwake?" anafunsa akumwetulira.

Tinajambula nyimbo ziwiri m'mawa umenewo, ndipo pozimvera, gitala inkabaya chilichonse, ngakhale besi yanga.

Masana Budimir atapita kukagula burek, chitumbuwa cha nyama chamafuta, Svetozar anatseka chitseko.

"Batani la mawu akuthwa waliika kumapeto," anatero. "Pa chimbale chapita chija linali pakati. Ampu ilibe vuto. Munthuyu sakumva bwino."

"Ine ndiye sindimuuza," anatero Časlav. "Radmila, ndi mlamu wako ameneyu."

Sizinandidabwitse kwenikweni. Vesna anali atadandaulapo kuti TV kunyumba kwawo imamveka mpaka kwa aneba.

Budimir ndinamupeza atakhala pamasitepe akudya, mafuta ali chezichezi m'zala. Ndinakhala kumanzere kwake.

"Alamu."

Anapitiriza kutafuna akuyang'ana anthu otsuka galimoto. Ndinadzuka n'kukakhala kumanja.

"Alamu, ampu ija mwaikweza kwambiri mawu akuthwa."

"Iwe, anthu a besi munayamba liti kudziwa za gitala? Mawaya anayi okha amakuvutani."

"Ndakuitanani ndili mbali inayo. Simunandimve."

Anasiya kutafuna. Anapinda pepala la burek pang'onopang'ono mpaka linasanduka kanthu kakang'ono.

"Ndiye mukuti ndagontha?"

"Kugontha ayi. Koma zomwe mukuwonjezera kuti inu mumve, ife zikutipweteka."

Analoza khutu lake lakumanzere.

"Muno mumalira ngati firiji. Zinayamba kalekale. Ndimati mwina zisiya zokha."

"Vesna akudziwa?"

"Amati ndimachitira dala kusamva akandituma."

Tinaseka tonse, ngakhale kuseka kwake kunali kwakufupi.

Titalowa, Budimir anakoleka gitala paphewa n'kuima kutali ndi ampu, manja ali pamawaya.

"Bwera udzapotokole ndiwe," anandiuza. "Ine ndiziimba."

Pa zaka zonse zomwe takhala tikuimba limodzi, palibe anakhudzapo mabatani amenewo. Ndinagwada, n'kuyamba kutsitsa pang'onopang'ono iye akuimba. Kupyoza kuja kunachepa, kenako kunatha, ndipo panatsala kulira konenepa, kokhala ndi kamkokomo, komwe anthu ankatidziwira kale.

"Kwa ine ikumveka ngati mwaifunditsa bulangete," anatero.

"Ndiye yafika," anayankha Časlav.

Koma kuimba kwake kunauma. Ankakhwacha mwamphamvu, akusakasaka mawu omwe sankawamva, mpaka waya wina unaduka. Akuika waya watsopano, Svetozar anatulukira n'kumupatsa mahedifoni ena.

"Yesa awa. Ndakukwezera mawu akuthwa m'makutu mwako mokha. Zojambulidwa zikhala momwe waikira Radmila."

Budimir anavala, n'kukhwacha kamodzi. Mapewa ake anatsika. Anatseka maso n'kuimba nyimbo yoyamba ija kuchokera poyambira mpaka pomalizira, ife tikumutsatira, ndipo Svetozar sanatiimitse. Časlav anatenga cholembera n'kuika timizere pa ampu pomwe panaloza batani lililonse.

"Ukundilembera pa katundu wanga, galu iwe?"

"Kuti mawa musadzanamizire mphaka, akulu."

Chimbale tinachimaliza sabata yomweyo. Besi ndinaijambula ndi ampu yaing'ono ya Svetozar chifukwa yanga inayamba kulira yokha, koma imeneyo ndi nkhani ina. Vesna anapita naye mwamuna wake kuchipatala, ndipo tsopano Budimir amavala kachipangizo kothandiza kumva, komwe amachotsa tikamaimba. Pa zoimbaimba zonse ine ndi amene ndimamukonzera ampu tisanayambe. Amaima pambali panga n'kumang'ung'udza kuti ndatsitsa kwambiri, koma mabatani sawakhudza.